Makiyi a Loja ya ku Milange

Lachinayi masana ndinali pamakwerero ndikusanja zitenje pashelefu yapamwamba pamene ndinamva apatarau akukalipa pafoni. Apatarau, eni ake a loja imene ndinkagwirako ntchito mumzinda wa Tete, si munthu wokweza mawu. Tonse tinasiya zimene tinkachita, ngakhale mayi amene ankasankha mapoto anangoima chigwirire poto m'manja.

Dzina langa ndine Tereza, kwathu ndi ku Mongue, m'boma la Milange. M'loja imeneyo ndinagwiramo zaka zisanu ndi zinayi. Ndinalowa ngati wosesa, kenako wosanja katundu kuseri, kenako wogulitsa pakauntala. Tinkagulitsa zitenje, ziwiya, mbewu, misomali, shuga ndi zina zambiri. Mwana wanga Lusiya ndinamusiya ku Mongue m'manja mwa amayi ali ndi zaka zitatu. Ndinkamuona pa Khirisimasi pokha, ndipo chaka chilichonse ndinkamupeza atatalika, akundichitira manyazi ngati mlendo.

Ndiye apatarau atalengeza kuti atsegula loja ina yaing'ono ku Milange, ndinapita kukawapempha kuti anditumize ine. Anaseka, osati moipa ayi, nkunena kuti, “Tereza, kuyendetsa loja si kuyeza shuga.” Udindo wa jerenti, woyang'anira loja yonse, anaupereka kwa mphwawo Zeka.

Amene ankakalipiridwa pafoni tsiku limenelo anali Zeka yemweyo. Anayenera kukhala atafika ku Milange sabata yapitayo kukasainirana ndi mwini nyumba, koma anali atakakhala kwa anzake ku Chimoio. Akuti iye sakanatha kukhala kumalo kumene mvula imagwa tsiku ndi tsiku ndipo munthu akafuna kuyenda amakwera njinga yakapalasa. Lole ya katundu inali itanyamuka kale Lachitatu, kuzungulira njira yaitali ya ku Caia ndi Mocuba. Mwini nyumbayo, mayi wachikulire dzina lake Dona Rozariya, anali ataimba kunena mawu omaliza: wadikira masabata atatu, pali wina akuifuna nyumbayo, ndipo Lachisanu ikangokwana folo koloko masana asanaone nkhope ya munthu wa ku Tete, makiyi apereka kwa winayo. Zapafoni anakana. Ankafuna munthu pamaso pake, ndi mapepala m'manja.

Ndinatsika pamakwerero nkupita kwa apatarau.

“Patarau, nditumeni ine.”

“Upita pa chiyani? Ndege?”

“Kudzera ku Malawi ndi tsiku limodzi. Ndi njira yanga ya pa Khirisimasi. Pasipoti ndili nayo.”

Anandiyang'ana nthawi yaitali, akugogoda kauntala ndi cholembera. Kenako anati, “Ukafika nkutenga makiyi, loja imeneyo uyendetsa ndiwe. Ukalephera, lole ibwerera ndi katundu yense, ndipo dzina la Milange lisadzamvekenso muno.”

Anandilembera kalata, nkuika mapepala a nyumba mu envulopu. Ndikutuluka anandiitananso. Onyamula katundu anali ataiwala kukweza sikelo ya pakauntala, yachitsulo ija yolemera ngati mwana wa zaka zisanu. Anaiika m'katoni, ine nkuimanga ndi chingwe mfundo pamwamba pa mfundo. Walira mvula walira matope, ndinadziuza ndekha.

Lachisanu kukungoyera ndinali kale pamalo okwerera shapa, maminibasi athu aja. Ndinali ndi chikwama chachikulu cha zovala, katoni ya sikelo, ndi envulopu imene ndinaikulunga m'pepala la pulasitiki nkuibisa pachifuwa. Shapa ya ku Zobue inali ndi anthu asanu okha. Ndinakhala pawindo ndikuwerenga aliyense wolowa ngati mbuzi zobwera kudambo. Wina analowa nkutulukanso kukagula buledi. Wina anabwera ndi madengu awiri a nsomba zouma amene anatha nthawi kuwamangirira kumbuyo. Pamene tinkawoloka mlatho wa Zambezi dzuwa linali litatuluka kale, ndipo kutentha kwa ku Tete kunali kutayamba kutilonjera.

Ku Moatize tinakhala kumbuyo kwa malole a malasha, fumbi lakuda likulowa pawindo. Bambo amene ndinakhala naye pampando ankadandaula kuti katoni yanga ikumukanda mwendo.

“Mwanyamula chiyani umu, mayi? Miyala?”

“Sikelo, bambo.”

“Ndiye muyeze mwendo wangawu, muone ngati watsala wonse.”

Anthu anaseka, ine ndinaseka nawo mano okha. Maso anga anali pa wotchi ya pafoni. Titapitirira Kambulatsitsi dalaivala anaima kuti mayi wina atsike, koma katundu wake anali pansi pa madengu a nsomba aja. Anamasula zonse, nkumanganso zonse. Tinafika pa Zobue eyiti koloko itadutsa, mphepo ya kumapiri ikuzizira bwino, koma ine thukuta lili kamukamu.

Ndinasintha ndalama pang'ono kwa anyamata apamsewu, nkuthamangira kodinditsa pasipoti. Nditangokhota ndinaima. Basi yaikulu yochokera ku Joni inali itangofika kumene, ndipo mzere unatuluka pakhomo nkukhotera kuseri kwa nyumba. Ogwira ntchito pawindo ankagwira ndithu, koma anthuwo anali ochuluka. Ndinaima kumapeto, ndikukankha katoni ndi phazi mzere ukasuntha.

Patsogolo panga panali mayi wonenepa wovala jekete yaubweya, wa ku Mangochi, amene anali pa ulendo masiku atatu. Anaona ndikungoyang'anayang'ana pafoni.

“Kodi kwagwa zovuta, achemwali?”

“Ayi mayi, si maliro. Ndi ntchito.”

Ndinamufotokozera mwachidule. Anamvetsera atatsegula pakamwa, kenako anatembenukira kumzere nkukuwa ngati ali pamsika: “Inu a m'basi mwathu! Ife basi yathu sichoka mpaka womaliza adinditse. Mulekeni adutse mwana wa eniyu, akukatenga ujeni, ubwana, ku Milange!”

Ena anang'ung'udza. Bambo wina anati aliyense pano ali ndi kwawo. Koma mayi uja anandigwira dzanja nkundikoka yekha, akunena kuti, “Pepani, pepani, tadutsa,” mpaka pafupi ndi windo. Dzina lake sindinamufunse, ndipo zimandiwawa mpaka lero.

Kuchoka pa Zobue kukafika pa chipata cha Malawi ku Mwanza pali kamtunda ndithu. Ndinakwera njinga yamoto, chikwama kutsogolo kwa woyendetsa, sikelo pamiyendo panga. Pabampu iliyonse chitsulocho chinkandimenya m'ntchafu. Pa Mwanza anadinda msanga, koma oona za katundu anafuna kuona za m'katoni, monga mwa ntchito yawo. Apa mfundo zanga zija zinanditembenukira. Ndinayesa ndi zikhadabo, ndinayesa ndi mano, mpaka mayi wina wogulitsa manachesi anandibwereka mpeni. Anaona sikelo, anawerenga kalata ya apatarau, nkundilola. Chingwe chinali chitaduka paŵiri, ndiye kuyambira pamenepo katoni ndinkainyamula chokumbatira.

Minibasi ya ku Limbe inaoneka yotsala anthu atatu kuti idzaze. Ndinalowa mokondwa. Koma munthu weniweni akalowa, wina amene anakhala kale ankatsika mwakachetechete nkukaima pamthunzi. Anali anzake a kondakitala, ongokhalamo kuti galimoto ioneke yodzaza. Ndinaluma mlomo. Tinanyamuka hafu pasiti teni, titapanikizana anayi anayi pampando, ndipo sikelo inalipira mtengo wa munthu ngakhale inakhala pamiyendo panga.

Njira imeneyo ndilibe nayo zambiri. Tinaima pa Zalewa, anthu nkugula mbatata yootcha pawindo. Tinakwawa pa Lunzu chifukwa cha ngolo ndi njinga za pamsika. Mtsikana wa pambali panga anagona paphewa langa kuchokera pa Lirangwe mpaka mu Blantyre, ndipo sindinamudzutse chifukwa ankandikumbutsa msinkhu wa Lusiya. Foni yanga ya ku Mozambique inali itasiya kugwira, inangotsala wotchi basi. Tinalowa mu Limbe wani koloko itangodutsa, kumwamba kutada bii.

Nditangotsika, oitanira anandizinga. “Muloza! Muloza boda!” “Zomba iyi, mayi, Zomba!” Wina anandilanda chikwama nkulowera kumanja, wina anakwatula katoni nkulowera kumanzere. Ndinaima pakati ndikukuwa, osadziwa kuti nditsate uti. Pamenepo bambo wina wamtali, wa chipewa chofiirira, anagwira wa katoni uja pakhosi pa malaya.

“Iwe, mayiwa anena kuti akupita ku Zomba? Bweretsa kuno.”

Anainyamula yekha katoniyo mpaka m'minibasi ya ku Muloza, nkuiika pansi pa mpando, ndipo tinakhala moyandikana. Anati dzina lawo ndi a Likoswe, kwawo ku Chiradzulu, koma akhala zaka zambiri ku Milange akugulitsa zipangizo za njinga pa kabenchi mumsika. Ku Limbe anabwera kudzaoda matcheni ndi machubu. Anali munthu wokamba nkhani, woseka ndi thupi lonse. Pa Bvumbwe anagula chimanga chootcha nkundibenthulira theka.

“Idyani, achemwali. Lero ndi tsiku langa, aliyense adye.”

“Kwagwanji, bambo?”

“Ndikutuluka pabenchi! Pali nyumba ina pafupi ndi msika, ya khonde lalikulu, zitseko zobiriwira. Ndakhala ndikuisirira zaka. Anaigwira anthu ena a ku Tete, koma anthu ake ndi amwano, masabata atatu osaoneka. Ndiye dona wake wanena kuti lero folo koloko ikangokwana, makiyi ndi anga.”

Ndinasiya kutafuna chimanga. Ndinayang'ana pawindo, minda ya tiyi ikudutsa, mvula itayamba kuwaza. A Likoswe anapitiriza kufotokoza mmene adzapachikire matayala pakhonde, mmene akazi awo adzagulitsire mandasi pambali. Ndinaganiza zongokhala chete mpaka ku Milange. Koma munthuyo anali atandipulumutsira katundu, ndipo chimanga chake chinali m'manja mwanga.

Titangopitirira pa boma la Thyolo anandifunsa yekha. “Nanga inu sikeloyi mukupita nayo kuti?”

“Bambo Likoswe, anthu amwano a ku Tete aja ndine.”

Anandiyang'ana, nkuyang'ana katoni, nkuyang'ananso ine. Anavula chipewa nkuchiika pabondo, ndipo tinayenda choncho mpaka pafupi ndi Luchenza. Kenako anayamba kuseka, pang'onopang'ono, mpaka anthu a kutsogolo anatembenuka.

“Ndiye kuti ndadzinyamulira ndekha sikelo yokayezera m'nyumba mwanga? Ha! Koma dziko ili.”

“Pepani, bambo.”

“Musapepese, achemwali. Dona anatchula nthawi, sanatchule dzina. Aliyense ayende ndi miyendo yake.”

Pa Luchenza anthu ambiri anatsika, ndipo dalaivala ataona kuti tatsala ochepa anatigulitsa kwa minibasi ina. Imeneyo inali yokalamba, chitseko chomangira chingwe, ndipo inayamba yazungulira kaŵiri kufunafuna anthu. Inali itakwana hafu pasiti thu pamene tinachoka. Pa Chitakale tinaima, pa boma la Mulanje tinaima. Phiri silinkaoneka, linali litafunda mitambo. Ndinkawerengera m'mutu: tikafika pa Muloza itangodutsa fili koloko, kudinda uku ndi uko, njinga mpaka m'tauni, ndikwanitsa.

Ndikuwerengera choncho, galimoto inayamba kutsokomola. Inagwedezeka kaŵiri, nkuyenda mwaulesi, nkuima pambali pa msewu pakati pa minda ya tiyi. Mafuta anali atatha. Kondakitala anatulutsa chigubu pansi pa mpando nkunena mosatekeseka kuti, “Musadandaule makasitomala, ndikubwera pompano.” Tinamuona akuyenda wapansi kubwerera kumene tinachokera, chigubu chili pamutu kutchinga mvula.

Inali itadutsa fili koloko ndi mphindi zisanu.

Tonse tinatsika nkukabisala pa kachisakasa ka mayi wina wogulitsa nanazi. Magalimoto aŵiri anadutsa odzaza, osaima. Kenako kunatulukira njinga yamoto imodzi yopanda munthu kumbuyo. Ine ndi a Likoswe tinakweza manja nthawi imodzi, koma iwo anali kufupi ndi msewu, ndipo miyendo yawo ndi yaitali. Anakhala pampando, kathumba kawo ka matcheni pamsana. Tinayang'anana.

“Pepani achemwali,” anatero, osaseka tsopano. “Nanenso ndili ndi ana.”

Njinga inapita. Sindinawakwiyire. Ndikanayamba kufika ndine, sindikanawasiyira.

Ndinayang'ana chikwama, ndinayang'ana katoni. Ndi katundu ameneyo palibe amene akananditenga msanga. Ndinatembenukira kwa mayi wa nanazi uja, munthu amene ndinali ndisanamuonepo chibadwire.

“Mayi, dzina lanu ndani?”

“Ndine Namakhwa.”

“Mayi Namakhwa, umu muli zovala zanga zonse, umu muli sikelo ya abwana anga. Ndisungireni. Ndibwera mawa m'mawa.”

“Iii, mwana wanga, ukundidziwa ine?”

“Sindikukudziwani. Koma ndikapanda kufika ku Milange folo koloko, zonsezi zilibenso ntchito.”

Anandiyang'ana kumaso, nkukokera katunduyo pansi pa thebulo lake, nkumufunditsa chiguduli. “Nyumba yanga ndi iyo ya malata pafupi ndi mtengo wa mapeyala. Thamanga.”

Ndinamanga chitenje m'chiuno nkukaima pakati penipeni pa msewu. Kunkabwera kalole kakang'ono, ndipo sindinasunthe. Dalaivala analiza hutala, nkuponda mabuleki, nkutulutsa mutu pawindo.

“Mayi inu, mwatopa nawo moyo?”

“Achimwene, ndiponyeni pa Limbuli, chonde. Ndikhala kumbuyo.”

Ankapita kukagula chimanga, kumbuyo kunali matumba opanda kanthu ndi amuna aŵiri atadzifunditsa lona. Anandikokera m'mwamba, nkundipatsa thumba limodzi kuti ndifunde kumutu. Mvula inkandimenya kumaso ngati mchenga. Dzanja limodzi ndinagwira chitsulo, linalo pachifuwa pamene panali envulopu.

Pa Limbuli ndinadumpha galimoto isanaimitsitse, nkukwera kabaza mpaka pa chipata cha Muloza. Tili m'njira foni inayamba kulira m'chiuno, netiweki yakwathu itabwerera. Apatarau anali ataimba kambirimbiri. Sindinawayankhe, ndinaimbira Dona Rozariya.

“Mayi, ndine Tereza wa ku loja ya ku Tete. Ndili pa boda.”

“Pa boda si pakhomo panga, mwanawe,” anatero mawu okalamba koma olimba. “Winayo ali pano kale, wakhala pampando.” Nkudula.

Mwamwayi pawindo la ku Malawi panali anthu atatu okha. Anadinda, ndinatuluka chothamanga. Pamlatho wa mtsinje wa Muloza lamba wa nsapato yakumanzere anaduka. Ndinaitola nkuthamanga nayo m'manja, phazi limodzi lili pansi. Amayi osenza nthochi ankandipatukira, wina nkufunsa mnzake ngati ndaba kanthu. Kumbali yakwathu ndinapereka pasipoti ikudontha madzi m'mphepete. Wapawindo anandiyang'ana, anayang'ana chithunzi, ndipo sindikumunena, chifukwa munthu wa pachithunzipo ndi amene anaima pamaso pake sankafanana. Anadinda. Inali itatsala mphindi makumi aŵiri.

Panja panalibe njinga yamoto ngakhale imodzi, onse anali atathawa mvula. Panali bambo mmodzi wa kabaza, wa imvi m'ndevu, atabisala pansi pa mtengo. Anandilonjera m'Chilomwe, ine nkuyankha m'Chinyanja, mtengo tinapangana m'Chipwitikizi, zonse m'mpweya umodzi.

“Kwa Dona Rozariya, pafupi ndi msika. Mukukudziwa?”

“Wa zitseko zobiriwira? Kwerani.”

“Atate, palasani ngati njuchi zili kumbuyo.”

Anapalasa ndithu, msana wake ukutuluka nthunzi. Koma pachitunda njinga inayamba kulemera, ikupita uku ndi uku. Ndinadumpha nkuyamba kuthamanga pambali pake, iye akukankha njinga, tonse tikupuma ngati ng'ombe za pangolo. Pamwamba ndinakweranso. Tinadutsa nyumba zoyamba za m'tauni, tinadutsa ogulitsa makala, tinakhota pafupi ndi msika, ndipo ndinaona khonde lalikulu ndi zitseko zobiriwira.

Pakhondepo panali mayi wachikulire wowonda, wa duku loyera, atakhala pampando wa ndodo. Patebulo patsogolo pake panali wotchi yapamkono yachimuna ndi makiyi atatu omangidwa pa kachingwe. Pambali panali a Likoswe, chipewa pabondo. Atandiona anatseka maso nkupukusa mutu.

Ndinakwera masitepe aŵiriwo, nsapato imodzi kuphazi, ina m'manja, matope mpaka m'mawondo. Ndinagwada.

“Mwaswera bwanji, mayi? Ndafika.”

Dona Rozariya ananyamula wotchi nkuiyandikiza kumaso. “Kwatsala mphindi zisanu. Ndiwe wa ku Tete?”

“Ndine wa ku Mongue, mayi. Ku Tete ndimangogwirako ntchito.”

“Nanga mwamuna amene anati abwera uja?”

“Sabwera. Ndabwera ndine.”

Ndinatembenuka pang'ono nkutulutsa envulopu pachifuwa. Pulasitiki inali itagwira ntchito yake, mapepala anali ouma. Dona anatuma mdzukulu wake wamkazi kukatenga magalasi, nkuyamba kuwerenga mzere ndi mzere, chala chikuyenda pansi pa mawu, milomo ikugwedezeka. Tsamba loyamba linatha. Ali pakati pa lachiŵiri, a Likoswe anatsokomola.

“Dona, nthawi ija yakwana tsopano.”

“Yakwana ali pakhonde panga,” anayankha osadzutsa mutu.

Anamaliza tsamba lachitatu, anafunsa mafunso aŵiri okhudza denga ndi magetsi, ndinayankha monga anandiuzira apatarau. Kenako anasaina, dzina lonse, pang'onopang'ono, nkundipatsa cholembera. Ndinasaina mothamanga moti dzina langa linatuluka ngati lolembedwa ndi mwana wa kalasi yoyamba. Anatenga makiyi aja nkuwaika m'dzanja langa, nkulitseka ndi manja ake aŵiri.

“Munthu wobwera ndi nsapato imodzi sangandithawe ndi lendi,” anatero. “Dzuka, ukudetsa khonde lako lomwe.”

A Likoswe anaimirira nkuvala chipewa. Ndinkaopa kuwayang'ana, koma anatambasula dzanja.

“Mwapambana, achemwali. Ndikanadziwa, sikelo ija ndikanaileka ipite ku Zomba.”

“Zikomo pa zonse, bambo.”

“Musathokoze msanga. Mawa ndibwera kudzaona ngati mashelefu anu ali owongoka.” Anatsika masitepe nkulowera kumsika, akuyenda pang'onopang'ono. Ndinawamvera chisoni, koma makiyi sindinawamasule m'dzanja.

Ndinatsegula chitseko chapakati. M'katimo munali fungo la fumbi ndi laimu, mashelefu opanda kanthu, kauntala yaitali ya matabwa. Ndinakhala pakauntalapo nkuimbira apatarau. Anayankha isanalire nkomwe.

“Uli kuti?”

“Ndili m'loja, patarau.”

“Loja iti?”

“Ya ku Milange.”

Anati, “Makiyi uli nawo? Agwedeze ndimve.” Ndinawagwedeza pafupi ndi foni, ndipo ndinamva anzanga onse a ku Tete akukuwa ndi kuimba nthungululu kumbuyo kwawo. Anali atatchera khutu tsiku lonse.

Kenako ndinaimbira amayi ku Mongue. Anayamba kuthokoza Mulungu mokweza, nkupereka foni kwa Lusiya. Mwanayo anandilonjera mwaulemu monga amachitira nthawi zonse, nkufunsa funso limene amafunsa ndikangofika pa Khirisimasi.

“Mubwerera liti ku Tete, amama?”

“Sindibwerera. Lamlungu ndikubwera kudzakutenga udzaone kumene tizikhala.”

Ndinangomva foni ikugwa pansi, ndi mapazi akuthamanga, akuitana anzake mayina.

Dona Rozariya anandibwereka chitenje chouma ndi nsapato zapulasitiki, nkundigoneka kwawo. Loweruka m'mamawa ndinawolokanso kupita ku Malawi. Mayi Namakhwa ndinawapeza akusesa pakhomo, katundu wanga ali m'chipinda chawo chogona, pamwamba pa mpando kuopa chinyontho. Ndinawapatsa chitenje changa chatsopano chimene ndinkasungira Khirisimasi. Anakana kaŵiri, kachitatu analandira, nkundisenzetsa nanazi ziŵiri.

Pofika masana ndinali nditasesa m'loja, nditakolopa, sikelo ili pakauntala. Cha m'ma thu koloko ndinamva hutala. Lole yathu inaima kutsogolo kwa khonde, yofiira ndi matope a njira yonse. Anatsika a Mateyu, dalaivala amene kwa zaka zisanu ndi zinayi ankandituma madzi akumwa akabwera kudzatsitsa katundu. Anali pamsewu kuyambira Lachitatu ndipo sankadziwa kanthu.

“Aa, Tereza, akutumiza kudzasesa? Chabwino. Ajerenti ali kuti? Ndikufuna asaine pepala ili titsitse katundu, ndatopa.”

“Bweretsani kuno.”

“Ayi, ili ndi losaina a Zeka.”

“A Mateyu, bweretsani kuno pepalalo.”

Anayang'ana makiyi amene anali pa kachingwe m'khosi mwanga. Anasuzumira m'loja, munalibe wina aliyense. Anandipatsa pepala ndi cholembera, ndipo ulendo uno ndinasaina dzina langa mowongoka.

“Yambani ndi matumba a mbewu, apite kuseri,” ndinatero. “Zitenje zisakhudze pansi, kwanyowa.”

A Mateyu anakanda kumutu, nkutembenukira amuna aŵiri amene anali pamwamba pa lole.

“Mwamva zimene anena ajerenti. Masulani lona.”